Khansa ndi mankhwala azitsamba: zothandiza ndi zoopsa

Uthenga kwa odwala khansa ndi owasamalira m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje

Odwala khansa ambiri amamwanso mankhwala achikuda, ndipo sitikuwadzudzula. Ku Gulupu ku Blantyre n'kutali, thiransipoti ndi yodula, pomwe nimu ndi chammwamba zili pakhomo pomwepo. Koma kuwonjezera pa chithandizo cha kuchipatala n'kwina, kuchisiya n'kudalira zitsamba zokha n'kwinanso. Palibe chitsamba, tiyi kapena botolo la pamsika lomwe latsimikizika kuti limachiza khansa. Chimene chimatipweteka mtima ndi miyezi yotayika: khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga imachizika, koma mayi akatha chaka akutaya magazi uku akumwa mizu, amafika itafalikira kale.

Zofunika kupewa

Musateme mphini pa chotupa kapena kumatapo mankhwala owotcha. Chotupa cha khansa chimatuluka magazi ovuta kuleka, ndipo bala lake silipola msanga. Kwa amene ali pa kemo (mankhwala amphamvu a kuchipatala olimbana ndi khansa) ngozi yake ndi yaikulu, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri pakati pa masiku 7 ndi 14 atalandira mankhwala. Thupi likatentha kufika madigiri 38 m'masiku amenewa, musangoti ndi malungo a kuno kuchigwa n'kuyamba kufutira nimu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munene kuti muli pa kemo.

Mankhwala a kemo amasefedwa ndi chiwindi ndi impso. Madzi a nimu owiritsa kwambiri ndi zosakaniza zosadziwika zimalemetsa ziwalo zomwezi, ndipo magazi akaonetsa kuti zafooka, adokotala amaimitsa kaye kemo. Aloe vera womwa amatsegula m'mimba, ndipo kotentha ngati ku Nchalo kapena ku Ngabu madzi m'thupi sachedwa kutha. Adyo wochuluka amachedwetsa magazi kuundana, choncho muwauze adokotala kuti mumadya adyo ngati mukuyembekezera opaleshoni.

Amene muli ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, musasiye ma ARV ngakhale wina atakuuzani kuti mwachira.

Zimene zimathandizadi

Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino. Otendera nsinjiro amapatsa thanzi, koma adyedwe ngati chakudya, osati ngati mankhwala. Wodwala amene chakudya sichikulowa apatsidwe pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala la mapira kapena mchewere lothira nsinjiro, dzira lophika bwino, nsomba yofewa. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira kolorini. Tiyi wa jinja amachepetsako nseru kwa ena, koma salowa m'malo mwa mapiritsi oletsa kusanza.

Zilonda za m'kamwa: sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu ya madzi owiritsa atazizira, muchukuche kanayi pa tsiku, osameza.

Kusisita msana, manja ndi mapazi mofatsa kumagonetsa tulo. Musasisite pa chotupa penipeni, kapena mwendo umene watupa mwadzidzidzi n'kumapweteka, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha. Mapemphero, nyimbo ndi kuchezeredwa ndi a mpingo zimalimbitsa mtima, ndipo ziyendere limodzi ndi mankhwala. Kusala kudya muli pa kemo, ayi.

Ululu si wongopirira. Mofini wamadzi amaperekedwa ndi a chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa, ndipo amamwedwa maola anayi alionse, osadikira kuti ululu ubwerere. Sikuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutisiya, monga ena amaopera. Amamangitsa m'mimba, choncho pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi, mudyenso papaya wakupsa.

Popita kukaonana ndi adokotala, tengani botolo, ufa kapena muzu uliwonse umene mukumwa, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Nenani kuti munayamba liti, mumamwa wochuluka bwanji, komanso kangati pa tsiku.