Abuluzi a ku phiri sakufa ndi mankhwala ayi

Nyengo yozizira ikafika muno mu Zomba, mu June ndi July muja, m'magulu a WhatsApp mumayamba kuzungulira nkhani yoti abuluzi omwe amapezeka ali gwaa pamiyala ku phiri m'mawa adya poizoni kapena ali ndi matenda, ndiye aziphedwa asanapatsire ana. Abale anga, zimenezi ndi zabodza ndithu.

Buluzi thupi lake silipanga kutentha lokha ngati ife, amadalira dzuwa. Pamwamba pa phiri la Zomba pali malo opitirira mamita 2,000, usiku kumazizira koopsa makamaka kukagwa chiperoni, ndiye iye amabisala m'ming'alu ya miyala mpaka kucha. Akatuluka m'mawa minofu imakhala isanatenthe, nchifukwa chake amangogona phee ngati wafa, mukamuyandikira sathawa msanga. Muyang'anitseni bwinobwino, amaphwatalala pamwala, kulozetsa msana kudzuwa, ena khungu limada kuti likoke kutentha mwachangu, ngakhale birimankhwe amachita zomwezo. Dzuwa likakwera uyo wayamba kuthamangitsa tizilombo, likanyanya kuwotcha amalowa pamthunzi kenako nkutulukanso, tsiku lonse ndi choncho.

Ku mapiri a Andes ku Peru kuli abuluzi otchedwa Liolaemus okhala pamwamba kupitirira mamita 4,000, ndipo pongoothera dzuwa thupi lawo limafika pa madigiri pafupifupi 30 pomwe mpweya ukuzizira ngati ayezi.

Zimandiwawa kuona ana akuwagenda chifukwa cha mesejiyi. Mukamupeza ali gwaa musiyeni aothe dzuwa, achoka yekha.