Fumbi la ku Joni silituluka ndi mkaka

Sabata sitha ndisanamve mawu awa m'chipinda chopimira odwala: "Adokotala, za fumbizo ndiye tinathana nazo kale, timawamwetsa mkaka m'mawa uliwonse." Wina amati wa mbuzi ndiwo wamphamvu, wina amaswera dzira laliwisi momwemo, ndipo bambo wina anandiuza maso ali gwa kuti kachasu amatsuka bwino kuposa zonsezi. Ndatopa nazo. Mkaka umatsika kummero n'kukafikira m'mimba, pomwe fumbi lili m'mapapo. Njira ziwirizi zimasiyana pakhosi pomwepa, ndipo tsiku limene mkaka udzaphonye njira n'kulowera ku mapapo, mudzatsamwa mpaka misozi.

Ndikunena za silicosis, matenda a fumbi la miyala, amene azibambo athu ambiri anabwera nawo kuchokera ku migodi ya golide ya ku South Africa pamodzi ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Golide wa ku Witwatersrand, dera la migodi lozungulira Johannesburg, amakhala m'thanthwe lodzaza ndi silica, chinthu cholimba chomwe chimapezekanso mu mchenga. Akaboola kapena kuphulitsa thanthwelo, fumbi lomwe mumaliona ndi maso limathera m'mphuno n'kutuluka ndi chimfine. Loopsa ndi lija losaoneka, losalala kuposa ufa woyera, lomwe limatsika mpaka m'timatumba ta mpweya. Asilikali a m'thupi amalimeza pofuna kuliwononga, koma mwala sugayika. Msilikali amafa, kamwalako kamatsala, wina n'kukamezanso, nayenso n'kufa. Pamalo pa nkhondo yosathayi pamatsala chipsera. Zipserazo zimachulukana, zimalumikizana, ndipo mapapo omwe anali ofewa ngati siponji amayamba kuuma. Nkhondoyi siyima chifukwa choti munthu wakwera ndege kubwerera kumudzi. Ikhoza kutenga zaka 10, 20, ngakhale 30 munthu asanayambe kuchita wefuwefu pokwera kachitunda. Ndiye musandiuzenso kuti "anasiya za mgodi kalekale, sizingakhale zimenezo." Kalekaleyo ndiye chizindikiro chake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Ulendo unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe ife timati Theba, mpaka unadzaduka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa kuyeza HIV. Mnyamata amene anapita ali ndi zaka 22 mu 1980, lero ndi gogo. Akadali m'midzi yathu, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, ndipo ambiri akutsokomola.

Pali mmodzi amene sandichoka m'mutu. Anafika atakwezedwa pa kabaza, mphwake akumugwirira kumbuyo, chifukwa kuchoka pa geti kufika pa benchi kunali ulendo kwa iye. Mabuku ake a kuchipatala anali atatu, osokedwa pamodzi ndi ulusi wakuda. Anali atamwa mankhwala a TB katatu, miyezi 6 ulendo uliwonse, osaphonya tsiku, makhadi onse ochongedwa bwinobwino. Ulendo woyamba makhololo anapezekadi ndi tizilombo. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu makhololo analibe kanthu, koma chithunzi cha pachifuwa chinali ndi timadontho toyera kumtunda kwa mapapo onse awiri, ndiye anamuyambitsanso. Amene analemba ulendo wachitatuwo ndine.

Kumudzi nako anali atagamula yawo. Munthu wotsokomola, wowonda, womwa mankhwala osachira, amenewo ndi tsempho, ndipo tsempho limafuna wolakwa. Chala chinaloza mayi a kunyumba. Mayiwo anakhala pa benchi langa nkhope ili pansi, chitenje atafunda mpaka kumutu, akuyankha ndi mawu amodziamodzi. Mbuzi ziwiri zinali zitapita kale kwa sing'anga, ndipo pachifuwa cha bamboyo panali mizere ya mphini, ina isanapole.

Chimene chinanditsegula maso si nzeru zanga. Ndikumuyika kachipangizo koyezera mpweya pa chala, ndinaona kuti chala chapakati n'choduka. Ndinafunsa mongocheza.

"Chimenechi chinatsala ku Joni, mwana wanga," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa.

"Munali ku mgodi, bambo?"

"Zaka 11. Pansi penipeni, pa makina oboola."

Anandifotokozera, akupumira pakati pa mawu, kuti makinawo amayenera kuboola ndi madzi, koma paipi ikaphulika sankadikira, chifukwa bonasi inkawerengedwa pa mabowo. Ankatuluka ali mbuu ngati agubuduka m'phulusa. M'mabuku atatu aja, pa mzere wa ntchito, panalembedwa liwu limodzi lokha: mlimi. Sananame. Anali mlimi kwa zaka zoposa 20. Ife tinafunsa ntchito imene akugwira, palibe anafunsa ntchito zimene anagwirapo.

Nditayala zithunzi zake zonse pawindo, zakale ndi zatsopano, nkhani inali poyera. Timadontho tija sitinasunthe ndi mankhwala ulendo uliwonse, ndipo kumtunda tinali titayamba kuundana kukhala zibuma. Miyendo inali itatupa kale, chizindikiro choti mtima watopa kukankha magazi m'mapapo ouma. Ndinawaitana mayi aja pamaso pa mphwakeyo, n'kunena momveka kuti matendawa anayamba iwo asanakwatiwe n'komwe. Sanayankhe. Anangovundukula chitenje kumutu. Bamboyo sanathe chaka.

Anzanga a ntchito, izi zikutikhudza ife poyamba. Ku sukulu timaphunzira malungo, TB, HIV ndi uchembere mpaka kuziloweza, ndipo n'koyenera, koma matenda a kuntchito timangowadutsa ngati mudzi wa pamsewu. Chonsecho dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kale mu 1700 kuti wodwala azifunsidwa ntchito yake. Funso lake ndi laulere, silifuna magetsi kapena makina. Kungoti kuno kwathu lifunsidwe mokhotetsa: "Munayamba mwapitako ku migodi ya ku Joni, ku Wankie, ku Kitwe? Munaswapo miyala? Zaka zingati?" Mukafunsa mwachidule, aliyense ndi mlimi.

Tsono musandimve molakwa, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga apa n'kukauza agogo ake kuti ataye mankhwala a TB. Ayi ndithu. Silicosis ndi TB zimayendera limodzi ngati mbuzi ndi chingwe chake. Asilikali aja amene akufa ndi fumbi ndi omwewonso amayenera kugwira tizilombo ta TB, choncho munthu wa silicosis ali pa chiopsezo cha TB pafupifupi katatu kuposa mnzake wopanda matendawa, ndipo pakakhalanso HIV ziopsezo ziwirizi zimachulukitsana. Bambo uja ulendo woyamba inalidi TB, ndipo mankhwala ndiwo anamupatsa zaka zina zija. Munthu amene anagwirapo mu mgodi akayamba kuwonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, chifuwa kusintha kapena kulavula magazi, apereke makhololo sabata yomweyo akayezedwe pa makina oyezera TB a GeneXpert, ngakhale akhale kuti anayezetsa miyezi itatu yapitayo. Chimene ndikukana ndi kumwetsa munthu mankhwala amphamvu miyezi 6 chifukwa cha chithunzi chokha, osafunsa mbiri yake, osayerekeza ndi chithunzi chakale. Ndipo amene wapezeka ndi silicosis koma alibe TB, bungwe la WHO limalangiza kuti apatsidwe mankhwala oteteza ku TB. Kafunseni, musadikire kuti akukumbutseni.

Ofufuza anayesapo njira yachidule. Mu kafukufuku wa Thibela, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anatenga migodi ya golide yokhala ndi antchito pafupifupi 78,000, n'kupereka mankhwala oteteza ku TB a isoniazid kwa miyezi 9 kwa anthu a m'migodi ina, pofuna kuona ngati TB ingagwe m'gulu lonse. Omwe ankamwa anatetezeka pa nthawi imene ankamwayo. Atasiya, TB inabwerera pomwe inali. Ine phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti piritsi silingapikisane ndi fumbi lomwe likadali m'mapapo komanso malo ogona anthu mothithikana. Ndipo si kuti eni migodi sankadziwa. Msonkhano woyamba wa mayiko onse wokambirana za silicosis unachitikira mu Johannesburg momwemo mu 1930. Patatha zaka zoposa 60, Leon Commission, komiti ya boma la South Africa yofufuza za umoyo ndi chitetezo m'migodi, inapeza kuti fumbi m'migodi silinatsike kwenikweni kwa zaka pafupifupi 50. Ofufuza atatsatira anthu opuma ntchito kumidzi kwawo, ku Thamaga ku Botswana ndi ku Libode ku Eastern Cape, m'zaka za m'ma 1990, anapeza matenda a fumbi mwa pafupifupi munthu mmodzi pa anayi alionse kapena kuposerapo. Anthu amenewo ankagwira m'migodi yomweyo, pa makina omwewo, ndi azibambo athu.

Mankhwala ochotsa zipserazi kulibe. Kulibe ku chipatala cha boma, kulibe ku chipatala cholipira, kulibe ku Joni. Aliyense amene akukugulitsani botolo "lotsuka mapapo", kaya pa msika, kaya pa WhatsApp, kaya wavala gawuni yoyera, akukuberani. Chimene tingachite ndi kuteteza mapapo amene atsala: fodya asiyidwe lero, gogo asamakhale m'khitchini mofuka utsi, chibayo chithamangiridwe msanga, TB isakidwe kawirikawiri, HIV iyezedwe, ndipo ena timankhwala topopera timawapepukitsa. Zimenezi zimawonjezera munthu zaka zoyenda yekha kupita ku tchalitchi, koma zimagwira ntchito mwa munthu amene wabwera miyendo isanatupe. Ambiri amandipeza atazungulira kwina konse, ndalama zitatha, mpweya utatsala wa m'kamwa.

Dzina lenileni la matenda lili ndi ntchito inanso. Thembekile Mankayi, yemwe anadwala atagwira mu mgodi wa golide, anatengera nkhani yake mpaka ku Constitutional Court ya ku South Africa, yomwe mu 2011 inagamula kuti wa mu mgodi akhoza kusumira kampani. Iye anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulo chituluke. Mlandu wa gulu umene unatsatira unathera pa mgwirizano wa R5 biliyoni ndi makampani 6 a golide, womwe khothi linavomereza mu 2019, ndipo ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Ukukhudza amene anagwira ntchito ya fumbi m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kuphatikizapo a mayiko ena komanso mabanja a omwalira. Koma TB imawerengedwa ngati inapezeka munthu akadali pa ntchito kapena chisanathe chaka atachoka. Kwa gogo amene anabwerera mu 1988, TB ya chaka chatha siimutsegulira khomo limeneli. Silicosis ndiyo ingatsegule. Ndiye tikalemba "TB" katatu m'buku la munthu wa silicosis, tamulanda zinthu ziwiri: chithandizo choyenera ndi chipukuta misozi.

Apa ndi pamene akamberembere amalowera. Kulembetsa ku Tshiamiso n'kwaulere, ndipo palibe munthu wapakati amene angafulumizitse fayilo yanu. Bambo uja anali ndi mapepala ake onse, khadi la Theba lokhala ndi nambala yake, atawasunga zaka zonsezi m'sutikesi yachitsulo kuopa chiswe. Kunabwera mwamuna wa tayi ndi chikwama, akulemba mayina pansi pa mtengo wa mango, nati ndalama za Theba zatuluka, aliyense apereke ya fomu ndi mapepala ake enieni. Anatenga zonse ziwiri. Mphwake uja atabwera kudzandiuza za maliro, anandifunsa ngati kalata yanga ingathandize. Ndinalemba, koma nambala ija panalibe amene ankayikumbukira. Ngati kwanu kuli sutikesi yotere, jambulani pepala lililonse pa foni lero, lembani nambalayo kuseri kwa buku la kuchipatala, ndipo pepala lenileni lisachoke m'manja mwanu.

Pobwerera kunyumba madzulo ndimadutsa pamalo pomwe amayi amaswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu. Amakhala pansi miyendo atatambasula, mwala pakati, hamala m'manja, mwana kumsana, nsidze zili mbuu. Ena amamanga kansalu pamphuno, komwe kamagwira fumbi lalikulu lija n'kulola losaonekalo kudutsa. Chimene chimathandiza ndi kunyowetsa miyala musanaswe, kukhala mbali imene mphepo ikuchokera, kusiya mwana patali, ndi chophimba cha N95 chogwira bwino kumaso ngati chingapezeke. Anyamata okumba golide m'maenje opanda mpweya ali pa ngozi yoposa apa, chifukwa fumbi likachuluka kwambiri matendawa sadikira zaka 20, amatha kugwira munthu m'zaka zochepa chabe. Amenewa alibe Theba, alibe nambala, alibe kampani yoti adzaisumire.

Tsiku lina ndinaima n'kuwauza amayiwo za madzi. Wamkulu wawo anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anandilozera chigubu chimodzi chomwe chinali pamthunzi, nati madziwo amagula, ndipo ndi akumwa anthu asanu. Anawonjezera kuti ndisade nkhawa, Loweruka lililonse akagulitsa amagula mkaka.