Zaka 20 popanda chimbale: nkhani ya System of a Down inakhotera pati?

Mu Novembala 2025 zinakwana zaka 20 chitulukireni Hypnotize, chimbale chomaliza cha System of a Down, bandi ya nyimbo za rock ya ku America, ndipo mafani ayambiranso kulota. Chawadzutsa kwambiri ndi mashoo a chaka chomwecho ku South America, komwe bandiyi inadzaza masitediyamu ku Bogotá, Lima, Santiago, Buenos Aires ndi São Paulo, makanema ake anayenda paliponse pa intaneti, anthu akuthamanga mozungulira atanyamula moto m'manja, ena mwa iwo ana oti pomwe nyimbozi zimatuluka anali asanabadwe. Ndiye funso ndi lakale lomwe lija, chimbale chatsopano chibwera liti? Ndipo ukawerenga zomwe mafani amalemba, mlandu umagwera munthu mmodzi, akuti woyimba wamkulu Serj ndi amene akukana. Ineyo ndikuona kuti tisanamuweruze tiyambe taona komwe nkhaniyi inachokera.

Anyamata anayiwa onse ndi a mtundu wa ku Armenia koma anakulira ku Los Angeles. Serj Tankian, woyimba wamkulu, anabadwira ku Beirut mu 1967, banja lake linasamukira ku America mu 1975 nkhondo yapachiweniweni ikuyamba ku Lebanon. Daron Malakian wa gitala anabadwira ku Hollywood konko mu 1975, kutanthauza kuti ndi mwana kwa Serj ndi zaka 8. Shavo Odadjian wa besi anabadwira ku Yerevan, ndipo John Dolmayan wa ng'oma, naye wobadwira ku Beirut, analowa mu 1997 m'malo mwa Andy Khachaturian. Chomwe chinawamanga pamodzi kuposa nyimbo ndi mbiri ya makolo awo, kuphedwa kwa anthu a mtundu wa Armenia mu ufumu wa Ottoman, womwe chimake chinali komwe lero kuli Turkey, kuyambira 1915, anthu oposa miliyoni imodzi, nkhani yomwe boma la Turkey limakanabe kuitchula kuti inali yofuna kufafaniza mtundu. Agogo ake a Serj anapulumuka m'zimenezo ali mwana. Musaiwale mfundo imeneyi, ibweranso.

Pulodyusa Rick Rubin anawatenga, chimbale choyamba chinatuluka mu 1998, kenako Toxicity pa 4 Seputembala 2001, chomwe chinakhala nambala wani pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, sabata yomwe ndege zinagwetsa nyumba zija ku New York. "Chop Suey!" inalowa pa mndandanda wa nyimbo zomwe mawayilesi a kampani ya Clear Channel analangizidwa kuti asaziseweze, nkhani yomwe Serj analemba yodzudzula ndale za mafuta za America inachotsedwa pa webusaiti ya bandi. Mu 2002 kunabwera Steal This Album!. Zonsezi aliyense wotsatira bandiyi akuzidziwa, sindichedwapo.

Pomwe zinthu zinakhota ndi 2004 mpaka 2005, ali mu nyumba ya Rubin ija ku Laurel Canyon akujambula nyimbo zambiri zedi moti anazigawa pawiri, Mezmerize mu Meyi 2005, Hypnotize mu Novembala. Zonse ziwiri zinayambira pa nambala wani chaka chimodzi, zomwe ndi oyimba ochepa kwambiri anachitapo, ndipo "B.Y.O.B." inawina Grammy mu 2006. Kwa ife akunja apa bandi inali pachimake. Koma tamveraninso zimbale ziwirizi mutayamba mwamvera Toxicity, mumva nokha kuti chinachake chasintha. Mawu a Daron ali paliponse, nyimbo zina akutsogolera ndi iyeyo Serj akungothandizira kumbuyo, "Lonely Day" analemba yekha mawu ndi zoyimbira zomwe. Kale kagawidwe kanali koonekeratu, Daron amabwera ndi zoyimbira zambiri, Serj amabwera ndi mawu ambiri, awiriwo akakumana ndi pomwe pamatuluka chinthu chija palibe bandi ina inatha kukopera. Pa zimbale za 2005 Daron anatenga mbali yaikulu ya zonse ziwiri, komanso ndi iye amene anali pulodyusa limodzi ndi Rubin.

Apa pali nkhani ya ndalama yomwe mafani ambiri amailumpha. Bandi ikayimba pa shoo ndalama zimatha kugawidwa mofanana, koma ndalama za umwini wa nyimbo, zija kwathu kuno oyimba amakalandira kudzera ku COSOMA, zimapita kwa amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye anapeka. Nyimbo ikamaseweredwa pa wayilesi, mu filimu, pa Spotify, kwa zaka ndi zaka, wodya ndi wopekayo. Ndiye munthu mmodzi akamapeka pafupifupi zonse, ndiye kuti mawu pa zochitika ali ndi iye, ndalama zokhalitsa zilinso ndi iye, anzakewo amayamba kumva ngati aganyu m'munda womwe analima nawo kuyambira pa tsala.

Atamaliza mashoo a Ozzfest a 2006 anaima, anati ndi kupuma chabe. Serj anatulutsa chimbale cha Elect the Dead payekha mu 2007, Daron ndi John anayambitsa bandi ya Scars on Broadway, chimbale chawo chinatuluka mu 2008. Kumapeto kwa 2010 analengeza kuti abwererana, 2011 anayamba mashoo, ndipo pa 23 Epulo 2015 anayimba ulere pa Republic Square ku Yerevan pokumbukira zaka 100 za kuphedwa kwa makolo awo, kanali koyamba bandiyi kuyimba ku Armenia. Mashoo amayenda bwinobwino, nyimbo yatsopano ayi. Mu 2016 John anauza magazini ya Kerrang! kuti ali ndi nyimbo zopitirira 12 zomwe akugwirirapo ntchito, mafani tinasangalala, kenako ziii.

Zinadzaphulika poyera mu Julaye 2018. Daron amatulutsa Dictator, chimbale chachiwiri cha Scars on Broadway, chomwe anachijambula kale mu 2012, zida zonse akuyimba yekha, n'kuchisunga zaka 6 poganiza kuti mwina nyimbozo zidzapita ku System. Taganizani kusunga ntchito yomalizidwa zaka zonsezo kudikira anzako. Pocheza ndi Kerrang! ananena kuti pali njira yomwe System imapangira zimbale, atatu akufuna njira imeneyo, mmodzi sakufuna, ndipo anawonjezera kuti ngakhale Mezmerize ndi Hypnotize Serj sankafuna kupanga, anachita kumupempha.

Patangodutsa masiku ochepa Serj anayankha ndi uthenga wautali pa Facebook, ndipo kwa ine uthenga umenewu ndi umboni wolemera kuposa china chilichonse pa mkanganowu, chifukwa sanayambe ndi kudziteteza. Anavomera kuti kuima kwa 2006 anachititsa ndi iyeyo yekha, anzake onse amafuna kupitiriza. Anavomeranso kuti amafuna kuchoka zimbale ziwiri zija zisanajambulidwe, n'chifukwa chake sazimva kuti ndi zake kwenikweni. Chifukwa chomwe anapereka n'choti poyamba mawu pa nyimbo ndi ndalama zinali pafupifupi zofanana pakati pawo, koma pofika 2005 Daron ndi amene amalamula kapangidwe ka nyimbo, amatenga gawo lalikulu la ndalama za umwini, komanso amafuna kuti azilankhula ndi atolankhani ndi iye yekha. Anati panali nyimbo zake zomwe amafuna kubweretsa koma zinalepheretsedwa ndi malonjezo osasungidwa komanso kufatsa kwake komwe panthawiyo, sanadzichotse pa mlandu.

Kenako anatchula zomwe anapempha kuti chimbale chatsopano chitheke. Iye abweretse nyimbo 6, Daron 6, zonse zovomerezedwa ndi bandi yonse, kuphatikizapo zomwe Shavo angabwere nazo. Ndalama za umwini zigawidwe mofanana. Anthu akakambirana n'kulephera kugwirizana pa nyimbo, mawu omaliza akhale a amene anaipeka. Ndipo chimbale chikhale ndi mutu umodzi wochimanga. Anati anayesa, anatumizirana nyimbo, zambiri za Daron iye anaona kuti sizikuyenera System, anzakewo anayesako zake, sizinatheke, ndipo anamaliza ndi kupepesa kwa mafani.

Tsono tiziyeze bwino mbali ziwirizi. Chochititsa chidwi n'choti pa zomwe zinachitika sakutsutsana kwenikweni, Daron akuti Serj sankafuna, Serj akuti eya sindinkafuna. Akusiyana pa tanthauzo lake. Kwa Daron njira yakale ija ndi yomwe inabala Toxicity, ndiye kuisintha ndi kupha chomwe chinapangitsa bandi kukhala System, ndipo mfundo imeneyi si yopepuka, nyimbo zomwe masitediyamu akuyimba lero zambiri zinayambira pa gitala yake. Kugawa 6 kwa 6 kungathe kubweretsa chimbale chomveka ngati anthu awiri osiyana amangidwa pamodzi ndi chingwe. Koma kumbali inayi munthu wa zaka 50 panthawiyo, woti watulutsa zimbale zakezake, wapeka nyimbo za okestra ndi za mafilimu, akupemphedwa kubwerera kukayimba zomwe wapatsidwa ngati mmene zinalili 2005, pomwe anali atanena kale kuti sanasangalale. Kupempha kuti anthu anayi a bandi imodzi agawane mofanana sindikuona kuti ndi kudzikonda. Malonjezo osasungidwa aja mu uthengawo sanawatchule kuti anali otani, ndipo kagawidwe kenikeni ka ndalama bandi sinakaike poyera, ndiye aliyense wotchula mapelesenti akungoganiza. John anayankha panthawiyo kuti onse anayi ali ndi mlandu wofanana pa kupambana kwakale komanso pa kulephera kugwirizanaku. Iye ndi Serj anakwatira pachibale, akazi awo ndi a mimba imodzi, koma pa ndale ali kutali, John amasapota Trump poyera pomwe Serj amamudzudzula, ndiye ena amati vuto ndi limenelo. Ine sindikukhulupirira, mkangano wa chimbale unayamba Trump asanakhale n'komwe pulezidenti.

Mu 2024 Serj anatulutsa buku la moyo wake, Down with the System, momwe anafotokoza kuti chakumapeto kwa 2017 anawauza anzake kuti apeze woyimba wina chifukwa iye watopa ndi maulendo ataliatali, msana ukumuvutitsa, ndipo sakufuna kuwatsekereza. Anakana, koma pambuyo pake anadzamva kuti anayesako munthu wina osamuuza. Apa tisamale pang'ono, buku ndi la munthu mmodzi, Daron sanalembe lake, ndiye zolembedwa zambiri zomwe tili nazo zikuchokera mbali ya Serj. Komabe munthu wofuna kugwira anzake pakhosi sawauza kuti tengani wina m'malo mwanga.

Ndiye pali 2020. Pa 27 Seputembala nkhondo inabuka pakati pa Azerbaijan ndi anthu a ku Armenia ku Nagorno-Karabakh, dera lomwe iwo amalitcha Artsakh. John anatumiza meseji kwa anzake kuti kaya tikusiyana pa zotani tiziike pambali, anthu athu akufa. M'masiku ochepa analowa mu situdiyo, ndipo pa 6 Novembala anatulutsa "Protect the Land" ndi "Genocidal Humanoidz", nyimbo zoyamba m'zaka 15, ndalama zake zoposa madola 600,000 zinapita ku Armenia Fund. Zomwe zinakanika zaka zonse zija zinatheka mwachangu chonchi. Ndipo taonani, nyimbo zonse ziwiri anapeka ndi Daron, yoyambayo anali ataikonzera Scars on Broadway. Kutanthauza kuti Serj anavomera njira yakale yomwe ija anaikana, osawerenga kuti zanga zingati zako zingati, chifukwa ulendo uno ndalama sizimalowa m'thumba la aliyense wa iwo ndipo nkhani yake inali ya mtundu wa agogo ake. Nkhondo inatha patangopita masiku ochepa, Armenia itagonja, ndipo mu Seputembala 2023 anthu oposa 100,000 anathawa m'deralo. Mu situdiyo sanabwererenso kukapanga chimbale.

Nyimbo zomwe zikanakhala chimbale chachisanu ndi chimodzi zinamwazikana. Za Daron zili pa Dictator, za Serj zili pa Elasticity ya 2021, nyimbo 5 zomwe iye mwini ananena kuti anazilembera System. Mu 2025 Daron anatulutsanso china cha Scars on Broadway, Addicted to the Violence. Pofika kumapeto kwa chakacho bandi inali italengeza mashoo basi, chimbale ayi.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi zomwe Daron anauza Rick Rubin pa podikasiti yake ya Tetragrammaton. Munthu yemwe uja anasunga nyimbo zaka 6 kudikira ananena kuti kale chimbale chatsopano amachifuna, koma pano sakudziwa ngati akuchifunabe, chifukwa patalikirana kwambiri ndi zakale moti sichingapitirize nkhani yomwe anaiyamba, ndipo anavomera yekha kuti anthu sasangalala kumva zimenezi kuchokera kwa iye. Mafani ambiri akulozabe chala Serj, pomwe amene amakankha kuti chimbale chituluke uja naye wafooka.