Kupita kuchipatala sikutanthauza kudulidwa chida

Abambo ambiri kuno ku Mzuzu amabisa chilonda chosapola cha kumaliseche poopa kuti akakangofika kuchipatala, madokotala akawadula chida chonse. Zimenezi si zoona ayi. Khansa ya chida cha abambo ikapezeka idakali yaing'ono, dokotala amachotsa pamene padwala pokha, ndipo ikakhala pakhungu la kunsonga, nthawi zina mdulidwe umakwanira. Kudula kumabwera munthu akachedwa, matenda atalowerera mkati.

Chondiwawa n'chakuti miyezi yambiri imathera kwa asing'anga kapena pa mankhwala a chindoko ongogula okha. Bambo, chilonda, chotupa kapena mafinya onunkha zikatha mwezi osasintha, pitani kuchipatala chapafupi. Akakayikira khansa adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital, komwe amatapa kanyama pang'ono kuti akakapime.