Pakhomo timaluma, koma miyendo ya anyamata si yachitsulo

Lamulungu lapitali gemu itangotha ndinatsalira pa benchi ndikupinda mabandeji, nde kunabwera bambo ena achikulire, aja osajomba gemu olo kugwe chiperoni chotani, anandigwira paphewa amvekere "a dokotala, mwana wathu uja mukumusungira chani kodi? Si wachira uja? Dzulo ndamuona ndi maso angawa pa Chitakale akupalasa njinga." Ine sindine dokotala, ndine fizio, ntchito yanga ndi ya minofu ndi molumikizira mafupa, koma kuno kwathu aliyense wothamangira mgalaundi atanyamula chikwama ndi dokotala basi, ndinatopa nako kukonza anthu. Ndinawayankha kuti bambo, kupalasa njinga ndi kuthamangitsa mpira ndi ntchito ziwiri zosiyana, koma nkhope yawo inaonetsa kuti sanakhutire, nde ndati ndilembe bwinobwino poti funso limeneli ndimalimva sabata ndi sabata.

Katimu komwe ndimathandiza ine nkakang'ono, dzina tisatchule, koma khalidwe lake mukulidziwa kale. Pakhomo timaluma, koyenda timakangotula mapointi ngati chopereka cha ku tchalitchi. Ena amati pagolo pathu panakwiriridwa zinthu. Ine pagolopo ndimagwadapo pafupifupi gemu iliyonse ndipo chomwe ndimapezapo ndi dzenje lomwe goloboyi wathu anakumba ndi zidendene.

Galaundi imadziwa eni ake. Anyamata athu amadziwa mbali yotsetsereka, pomwe madzi amadikha mvula ikagwa, pomwe mpira umadumpha ngati chule, nde timu yochokera mtauni yomwe inazolowera kapeti ya pa Kamuzu Stadium ikafika kuno nkuyamba timapasi tapansi, mpira umangofera panjira. Kenako pali ulendo, umene anthu ambiri amauderera. Mu 2024 timu ya FOMO ya kuno ku Mulanje ili mu Super League tinkaona matimu akuluakulu akubwera pa Mulanje Park ife nkumasangalala, koma kumbukirani kuti anyamata omwewo ankayeneranso kukafika ku Karonga ndi ku Chitipa, mtunda woposa makilomita 800. Munthu wakhala mu basi tsiku lonse mawondo atapinda, miyendo yatupa, wagona pa matiresi achilendo, wadya nsima yophika wina, mmawa akudzuka mu kutentha kwa ku nyanja pomwe thupi lake linazolowera kamphepo ka mphiri. Pofika 2:30 masana munthuyo amakhala watha kale theka, pomwe mwini khomo wagona kwawo ndipo wabwera pa galaundi wapansi.

Za masapota nazo ndi zoona, si nkhambakamwa. Mu 2020 Covid itavuta, ligi ya ku Germany inayambiranso mu May anthu asakuloledwa kulowa mmabwalo, maligi ena ku Ulaya nkutsatira, ndipo chinaoneka poyera nchakuti matimu apakhomo anayamba kuwina mochepa kusiyana ndi kale, komanso oyimbira anasiya kuwathira makadi ambiri alendo. Refu ndi munthu, anthu ambirimbiri akakuwa pamodzi kuti penate dzanja limayabwa kupita ku wezulo, olo iye mwini asafune. Osewera nayenso akamva ng'oma ndi mavuvuzela amaiwala kutopa, amathamangira mpira woti pa tereningi akanangousiya.

Vuto langa lili pomwepo, poiwala kutopa ndi ululu. Phokoso lomwe limatiwinitsa pakhomo ndi lomwenso limandibweretsera anyamata pa machira.

Mwana uja bambo aja amafunsa anang'amba mnofu wa kuseri kwa ntchafu, anyamata amangoti hamstring. Mnofu umenewu umachokera mmunsi mwa thako nkutsika mpaka kuseri kwa bondo, ndipo mu mpira ndi umene umavulala kawirikawiri kuposa minofu ina. Munthu akamathamanga liwiro lonse, mwendo umaponyedwa kutsogolo, nde phazi lisanaponde pansi pamafunika china chogwira buleki kuti mwendowo usapitirire. Buleki yake ndi hamstring, ndipo nthawi imeneyo imakhala ikukoka mwamphamvu uku ikutambasuka, ngati legeni yomwe mwaikoka mpaka pothera. Pamenepo mpomwe imaduka, mumangoona munthu anali pa liwiro wagwira kuseri kwa ntchafu nkuyamba kudumpha ndi mwendo umodzi popanda womugunda. Pa njinga bondo limakhala lopinda nthawi zonse, mnofu sutambasuka kufika pothera, palibe buleki yadzidzidzi, nchifukwa chake ineyo ndi amene ndinamuuza kuti azipalasa. Njingayo ndi mankhwala, si umboni woti wachira.

Thupi likamasoka pong'ambikapo limaika chigamba, ndipo chomwe chimapusitsa anthu nchakuti ululu umatha msanga chigambacho chisanalimbe. Patatha sabata munthu akuyenda osatsimphina, akuseka, akujoga, masapota amuona, basi nkhani yafala kuti fizio akumukaniza dala. Koma pong'ambika pang'ono pamafuna masabata 2 kapena 3, pakang'ambika kwambiri ndi masabata 6 kapena kuposa, ndipo nthawi yoopsa kwambiri kuti pabwereze ndi masabata awiri oyamba munthu atangobwerera mgalaundi. Kubwereza kwake nthawi zambiri kumakhala koipa kuposa koyamba. Zinandionekerapo chaka china, akulu ena a mkomiti anandipanikiza poti inali gemu yapakhomo ndi timu yomwe sitimwerana nayo madzi, anthu kuseri kwa benchi akuimba dzina la mnyamatayo kuti alowe alowe, ine ndinafooka nkuvomera. Anasewera mphindi zosakwana 15. Tinamusowa miyezi iwiri, magemu apakhomo angapo omwe tikanawina tinangofanana mphamvu, ndipo anthu omwe ankaimba aja ndi omwe anayamba kunena kuti timu yalowa ufiti. Mlandu unali wanga, ine ndi amene ndimadziwa za chigamba, iwo ayi.

Ndiye pano ndisanalole munthu ndimamugoneka chafufumimba, akanikize chidendene pa dzanja langa, ndiyerekeze mwendo wovulala ndi wabwino, mphamvu zifanane popanda kukwinya nkhope. Kenako athamange liwiro lenileni kangapo, aime mwadzidzidzi, atembenuke, amenye mpira wautali, mawa lake adzuke opanda ululu. Akalephera chimodzi, benchi. Makochi ena amaona ngati kutenthetsa thupi ndi kuzungulira galaundi kawiri basi, pomwe FIFA inakonza kale ndondomeko yotchedwa 11+ ya mphindi 20 zokha yosafuna chipangizo chodula, ndipo mkati mwake muli kamasewera kamodzi komwe ndimakakonda: munthu agwade, mnzake amugwire akakolo, iye azigwera kutsogolo pang'onopang'ono akudzigwira ndi minofu ya kuseri ija. Anyamata amadana nako poti kamawawa, koma kamateteza hamstring kuposa mafuta aliwonse opaka.

Chachiwiri chomwe chimatidya ndi kubinya kakolo, ndipo apa galaundi yathu yomwe timainyadira ija imatitembenukira. Nthawi ya mvula ndi matope, phazi limatsetsereka, ikafika October nthaka yauma gwa ngati konkire ndipo mapazi a ng'ombe ndi a anthu omwe anaponda nthawi ya matope asanduka timaenje. Onjezani mabutsi a pa kaunjika a mano ataliatali opangidwira udzu wofewa wa ku Ulaya. Alendo amaponda galaundi imeneyi kamodzi pa chaka, athu amaiponda tsiku ndi tsiku.

Chomwe chimandipweteka mtima si kubinyako koma zomwe zimachitika kunyumba usiku wake. Mwachikondi ndithu, amayi kapena akazi ake amawiritsa madzi nkuyamba kuthowa, achimwene ake akubwera kudzakanda ndi kukoka phazi kuti libwerere mmalo, anzake amutengera kokamwa kuti aiwale, mmawa phazi latupa ngati mtondo. Masiku awiri kapena atatu oyamba mkatimo timitsempha ta magazi timakhala tikuchucha, nde kutentha, kukanda ndi mowa zonse zimaonjezera kutupako. Chofunika ndi kuziziritsa, ayisi wokulunga mu kansalu mphindi 15 mpaka 20 kangapo pa tsiku, kumanga bandeji mosathinitsa, ndi kugona mwendo utasanjikidwa pamwamba. Ayisi akasowa ine ndimagula mafilizesi kwa ana ogulitsa pa galaundi pompo, amagwira ntchito chimodzimodzi. Kuthowa kuli ndi nthawi yake, kutupa kukayamba kuphwa. Koma ngati munthu akulephera kuponda olo masitepe 4, kapena mukadina pa fupa lenileni la kakolo akulumpha, ameneyo apite ku chipatala akajambulidwe, mwina pathyoka pakufunika chikhakha. Zotema mphini pa malo otupa ndi lezala lomwe latema kale anthu ena, chonde, tikuonjezera bala pa bala, kafumbata amalowera momwemo.

Bondo ndilibe nalo mawu ambiri. Mukamva kuti munthu anapotokola bondo phazi litakanirira pansi, anamva kulira kuti thu mkati, bondo nkutupa tsiku lomwelo kenako likumagwedera akamatembenuka, kawirikawiri imakhala ACL, kutanthauza kuti mtsempha wogwira bondo mkati waduka, ndipo imeneyo kwa wampira ndi opaleshoni ndi miyezi 9 kapena kuposa. Timu ya kumudzi ndalama zimenezo ilibe, ambiri mpira umathera pomwepo.

Pali chizolowezi china chomwe chakula, chomwa bufeni, diclofenac kapena indosidi gemu isanayambe, ena mpaka kupempha jakisoni kuti angosewera gemu yapakhomoyi basi. Mapilisi amenewa sasoka mnofu, amangotseka pakamwa ululu, munthu nkumathamanga pa chinthu chong'ambika osamva kanthu mpaka chitatheratu. Komanso kumwa amenewa mmimba muli pululu kenako nkukatuluka thukuta mphindi 90 pa dzuwa la October ndi kuzunza impso ndi kuitana zilonda za mmimba. Chimodzimodzi malungo, omwe kuno kwathu sasowa. Mnyamata wamaliza LA wa masiku atatu Lachisanu, Loweruka akufuna jezi. Kutentha thupi kwatha inde, koma malungo amaphwanya magazi, munthu amakhala wofooka ndi woperewera madzi, ndipo kapamba amatha kukhala wotupa moti chigongono chimodzi cha mnthiti chitha kubweretsa ngozi yaikulu. Wogundana mutu ndiye sindikambirana ndi aliyense, kaya ndi kochi kaya ndi tcheyamani. Akaoneka wozunguzika, akufunsa kuti zigoli zili bwanji kawirikawiri, akuona zinthu ziwiriziwiri kapena akusanza, watuluka ndipo tsiku limenelo sabwereranso, olo sanakomoke. Kumuthira madzi kumutu nkumukankhira mgalaundi anthu akuombera mmanja kuti ndi mwamuna, kugunda kwachiwiri ubongo usanapole kumatha kupha.

Tinenenso chilungamo pa za mabonanza. Loweruka mnyamata wasewera ligi mphindi 90, Lamulungu mwamuona ku Limbuli kapena ku Nkando wavala jezi ya timu ina pa bonanza kusaka ya sopo, Lolemba mbandakucha ali mmunda wa tiyi ndi dengu kumsana kapena ali pa kabaza kukweza anthu mtunda. Sindimuweruza, pakhomo pakufunika ufa. Koma minofu ikasewera gemu yathunthu imafuna masiku awiri kapena atatu kuti ibwerere mchimake, nde ikamangomenyedwa osapuma imaduka ndithu, ndipo imakonda kudukira pa gemu yathu yapakhomo poti mpomwe amadzipereka kwambiri. Masiku ano malamulo amalola kusintha osewera 5, zinayamba nthawi ya Covid nkukhazikika mu 2022, koma zimenezi zimathandiza timu yomwe benchi yake ili ndi anthu amphumphu. Ife nthawi zina ukacheuka pa benchi umapeza atatu omanga mabandeji, goloboyi wachiwiri ndi mwana wa Fomu 3.

Masapota a kuno ndimawadziwa, ndi anthu oti timu ikasowa thiransipoti amasonkha, wina nanazi wina nthochi za anyamata pa hafu taimu, ndipo ng'oma zija musasiye, zimatipatsa mapointi ndithu. Chomwe ndimapempha ine nchakuti mukaona mnyamata wakhala pa benchi atavala malaya akunyumba musamutche waulesi kapena kuti wadya za adani, chifukwa mawu amenewo ndi amene amamupangitsa kudzandinamiza kuti a dokotala sindikumvanso kuwawa. Ndipo mmalo motukwana refu yekhayekha, tsiku lina tibwere ndi makasu ndi mawilibala tikwirire timaenje tija mvula isanayambe.

Mwana uja ndimuyesa Lachitatu madzulo. Akakhoza zonse ndipo Lachinayi nkudzuka bwino, Lamulungu alowa chigawo chachiwiri, mphindi 20 zokha, ndawauza kale akochi ndipo avomera monyinyirika. Bambo aja ndawauza kuti abwere Lachitatulo adzaone okha mmene timayesera, ndipo poti ali ndi filiji kunyumba, asabwere chimanjamanja, atitengereko ayisi mu kachigubu.