Miura sinali yoyamba kukhala ndi injini pakati

Okonda magalimoto ambiri amati Lamborghini Miura ya ku Italy ndiyo inali galimoto yoyamba ya pamsewu kukhala ndi injini pakati, kutanthauza kumbuyo kwa mipando koma kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Si zoona ayi. Pamene Miura inkaonetsedwa pa chionetsero cha magalimoto ku Geneva, m'dziko la Switzerland, mu 1966, René Bonnet Djet ya ku France inali itatuluka kale mu 1962, ndipo ku Italy komweko kunali kale ATS 2500 GT ndi De Tomaso Vallelunga. Pa magalimoto ampikisano, nzeruyi inali yakale kuposa apo.

Chachilendo pa Miura chinali kukula kwa injini ndi kagonekedwe kake. Mainjiniya achinyamata, Gian Paolo Dallara ndi Paolo Stanzani, pamodzi ndi Bob Wallace, anatenga injini ya V12 (ya masilinda 12) ya malita 3.9 n'kuigoneka chopingasa kuti galimoto isatalike. Kuti zonse zikwane, injini ndi giyabokosi anaziphatikiza, zikumwa oyilo m'mbale imodzi, monga momwe zinalili pa galimoto yaing'ono ya Mini ya ku Britain. Kenako Marcello Gandini wa ku Bertone, kampani yokonza maonekedwe a magalimoto, anaiveka thupi lotsika, lokongola moti anthu anangoiwala kuti kunali magalimoto ena otere Miura isanabwere. Ineyo ndimaona kuti bodzali linabadwira pamenepa.

Miura inalinso ndi chilema chake. Thanki ya mafuta inali kutsogolo, ndiye mafuta akamatha, mphuno inkapepuka n'kuyamba kunyamuka galimoto ikathamanga kwambiri.