Foni ya mabatani nayonso imayendetsa malonda

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti foni yam'manja imapindulira wamalonda pokhapokha ikakhala yamakono, yolumikizika ku intaneti, ndipo kuti kafoni ka mabatani n'kongopatsirana moni ndi abale. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Airtel Money ndi TNM Mpamba sizifuna intaneti, chifukwa munthu amangodina manambala angapo n'kutumiza kapena kulandira ndalama, monga mmene M-Pesa ya ku Kenya, yomwe inayamba mu 2007, inafalikira pa mafoni wamba omwewa.

Taganizirani za mayi wogulitsa tomato mumsika mu Lilongwe. M'malo mokwera minibasi m'bandakucha kupita ku Dedza osadziwa ngati katundu alipo, mayiyu amaimbira mlimi, amanenerera mtengo wa dengu, amalipira pafoni, ndipo madenguwo amabwera pa galimoto iye ali pa benchi lake akugulitsa. Ndalama yoyendera yapulumuka, tsiku la malonda silinatayike, komanso sanayende ndi mpamba wonse atamanga pansonga ya chitenje.

Chomwe chimamupweteka kwenikweni ndi ndalama imene amadulidwa potapa kwa ejenti, yomwe imadya phindu lomwe ndi lochepa kale.